Dandaulo Limene Galu wa Mfumu Anamva

Kuseri kwa mapiri amene aphunzitsi sawatchula m'kalasi kuli dziko lotchedwa Tamvakale. Likulu lake ndi mzinda wa Bweranimawa, ndipo m'masiku amene tikunenawa pampando panali Mfumu Chindimba Yachitatu, munthu woopa Mulungu, makamaka Lamlungu m'mawa.

Tsiku loilonga ufumu, mfumuyi inaika dzanja pa Malemba n'kulumbira kuti dandaulo lililonse la munthu wa m'dzikomo lidzanenedwa pamaso pake, m'nyumba mwake, iyo ili maso. Inalumbira chifukwa cha kukoma kwa tsikulo, monga amachitira mkwati ataona keke. Tsoka lake, anthu a ku Tamvakale ankakhulupirira zimene auzidwa. Anayamba kubwera. Uyu akuti kuchipatala kulibe mankhwala, uyo akuti feteleza wafika anthu akukazinga kale chimanga. Mfumu inayamba kuonda. Kuswa lumbiro inkaopa, pakuti Mwini malumbiro saiwala, koma kumvetserako kunkaiphera njala.

Chipulumutso chinabwera m'makatoni. Wamalonda wina wa kutsidya kwa nyanja anafika kunyumba yachifumu ndi makina oimbira nyimbo, masipika ake ataliatali ngati zitseko za tchalitchi.

"Mfumu yanga, khutu la munthu lili ndi denga," anatero wamalondayo. "Pansi pali besi, pamwamba sopulano, pamwamba pa sopulano pali kulira kwa udzudzu. Mukakwerabe, mawu amakhalapo ndithu, koma munthu samvanso kanthu. Makina otchipa amalekera pamene khutu lalekera. Awa amajambula ndi kuimba mpaka kupitirira dengalo."

"Ndiye ndigule mawu oti sindiwamva?" inafunsa Mfumu.

Limeneli linali funso lanzeru koposa onse a mu ulamuliro wake. Koma isanayankhidwe, Olemekezeka a Chitekwe, Nduna Yomvetsera Anthu, anadzuka maso akuwala, n'kukanong'oneza Mfumu kanthu kena. Makinawo anagulidwa tsiku lomwelo.

Mwezi usanathe, pamsika waukulu wa Bweranimawa panamangidwa kanyumba kojambulidwa khutu lalikulu pakhomo. Lamulo linawerengedwa: palibenso kutopa ndi ulendo wa kunyumba yachifumu. Aliyense alowe m'kanyumbamo, anene zakukhosi pa maikolofoni, ndipo mawu ake adzaseweredwa pamaso pa Mfumu m'mawa uliwonse pamodzi ndi nyimbo zauzimu. Kunena dandaulo kwa Mfumu pakamwa ndi pakamwa kunaletsedwa, poti kumeneko n'kubwerera m'mbuyo.

Nyimbo zauzimuzo anaimba ndi a kwaya ya Mpingo wa pa Msika, imene mtsogoleri wake anali mayi Eneresi, amene aliyense ankawatchula Anakwenda. Anali mayi wathupi, wogulitsa nthochi pafupi ndi mpopi, woti akayamba kuimba ngakhale woledzera ankavula chipewa. Ankanyadira kuti Mfumu imadzuka ndi mawu awo, ndipo ankaipempherera moona mtima.

Koma Anakwenda anali ndi chowadya mumtima. Mwana wawo mmodzi yekha, Feliya, anakwatiwa m'mudzi wa Kwaiwalika, tsidya lina la mtsinje wa Ndimeza, ndipo anali ndi pakati poyamba. Anamwino anali atanena kuti mwana wagona mopingasa, asayerekeze kuchirira kunyumba. Chipatala chinali tsidya lino. Mlatho unapita ndi madzi kalekale. M'chilimwe anthu ankaoloka atangokwinya nsalu, koma mvula ikagwa Ndimeza ankachita monga dzina lake, ndipo masiku a Feliya ankagwera pakati penipeni pa dzinja.

"Bwera udzakhale kuno mpaka uchire," anamuchonderera mayi ake.

"Amayi, bambo a kunyumba ali kumigodi, apongozi saona. Ndikachoka, adzale ndani? Mwanayo akabadwa adzadya chipatala?"

Choncho Anakwenda analowa m'kanyumba ka khutu n'kupempha mlatho. Analowanso sabata yotsatira, ndi inzake. Mitambo itayamba kuda kum'mawa, anaganiza zofunsa woyang'anira makinawo, bambo Lufeyo, amene kale ankaimba tenala m'kwaya yawo asanapeze ntchito ya boma n'kuyamba kubwera kutchalitchi nthawi ya zolengeza.

"A Lufeyo, ndiuzeni zoona ngati mkhristu. Mawu angawa amafika?"

"Amafika, amayi. Tsiku ndi tsiku."

"Nanga mukuyang'aniranji pansi?"

Lufeyo anatseka chitseko, nayatsa makina. Munamveka nyimbo ya m'mawa ya kwaya yawo, yokoma ngati uchi, sopulano ya Anamaseko ogulitsa matemba ikuyandama pamwamba.

"Dandaulo lanu lili momwemu," anatero Lufeyo.

"Pati?"

"Pamwamba pa Anamaseko. Lamulo likuti ndikajambula munthu, ndikweze mawu ake mpaka apitirire denga la khutu, kenaka ndiwasanjike pamwamba pa nyimbo. Mukuona kamzere kakuvina pagalasipa? Ndinuyo. Aka kapambaliku ndi bambo aja olira za ng'ombe zawo."

Anakwenda anayang'anitsitsa kamzereko. Kankavina mokhulupirika, osatopa.

"Ndiye Mfumu imamva?"

"Limanenedwa pamaso pake, m'nyumba mwake, iyo ili maso. Abusa a kunyumba yachifumu anafufuza lumbiro lonse, ndipo za kumva sanazipezemo."

Mayi uja anakhala pansi. Chimene chinawawawa kwambiri si bodzalo, pakuti mabodza a boma anawazolowera ngati fumbi. Chinawawawa n'chakuti nyimbo ya Ambuye, imene anaiphunzitsa okha pansi pa mtengo wa mango, anaisandutsa bulangete lofunditsira kulira kwa anthu.

"Yatsani maikolofoni, a Lufeyo."

"Amayi, n'chimodzimodzi."

"Ndati yatsani. Ngati Mfumu simva, alipo wina amene anapanga khutu."

Anaima pa maikolofoni kuti alankhule, koma mawu anakana. Ndiye anachita chimene ankachita nthawi zonse mawu akakana: anaimba. Anaimba mwa kaimbidwe ka pamaliro, kokoka, kochokera m'mimba:

Ndimeza akudza, Ambuye, mlatho palibe,
mwana wanga ali tsidya, mwana m'mimba wapingasa,
ndani adzamuolotse?

Liwu lomaliza analikoka osapuma, mpaka msika wonse unaima. Wometa anasiya mutu wa munthu theka. Lufeyo anapukuta misozi ndi tayi, kenaka anakweza nyimboyo kupitirira denga la khutu monga lamulo linanenera, pakuti nayenso anali ndi ana ofuna kudya.

Patapita masiku ochepa, Lufeyo anafika pa benchi ya nthochi akupuma mwabefu.

"Amayi, mwayambitsa zinthu. Dona Shuga sakudya."

Dona Shuga anali galu wa Mfumu, wa ubweya woyera ndi makutu ofika pansi, wobwera pa ndege, wodya chiwindi m'mbale ya dzina lake. Anthu a pamsika anasonkhana, ndipo Lufeyo anafotokoza. M'mawa uliwonse Mfumu inkamwa tiyi nyimbo zikuimba, Dona Shuga ali pa pilo pambali pake. Miyezi yonseyi galuyo ankangogwedeza khutu, poti madandaulo olankhula akakwezedwa amangokhala ngati kuswaya kwa masamba ouma. Koma liwu lokoka la Anakwenda linasanduka ngati wenzulo ya polisi yosaleka. Dona Shuga anadzambatuka, anakweza mphuno kudenga n'kulira kokhala ngati kwagwa maliro, kenaka anakabisala pansi pa mpando wachifumu.

"Nduna zonse zinaitanidwa," anapitiriza Lufeyo. "A Zaumoyo anati timutseke makutu ndi thonje. Galuyo anadya thonjelo. A Zachitetezo anati phokosolo limangidwe, koma asilikali atalowa sanalipeze. A Chitekwe anati tingosiya kuyatsa makina, abusa n'kudzuka kuti kumeneko ndiye kuswa lumbiro. Kenaka dokotala wa ziweto anafotokoza kuti denga la khutu la galu n'lalitali kuposa lathu."

"Mfumu inati chiyani?" anafunsa Anamaseko.

"Inati, 'Ndiye kuti nthawi yonseyi Dona Shuga wakhala akumva madandaulo a anthu anga?' Dokotala anati inde. Inati, 'Yekhayekha?' Ndipo inalira."

"Inalirira ife?"

"Galuyo."

"Komabe ndi poyambira," anatero Anamaseko akuthamangitsa ntchentche pa matemba. "Ine kuyambira ubwana wanga sindinamvepo kuti m'nyumba imeneyo muli wina amene anasiya kudya chifukwa cha ife."

Lufeyo anati anamulamula kusewera madandaulo limodzilimodzi pamaso pa galuyo, ndipo atafika pa la Anakwenda, Dona Shuga analuma mwendo wa Nduna ya Zamaphunziro. Kulifufuta sakanatha, poti malinga ndi abusa, dandaulo limachoka pokhapokha mwiniwake atalichotsa yekha kapena atamwalira. Apa akuti Nduna ya Zachitetezo inamwetulira, koma abusa anatsokomola mwamphamvu.

Asanamalize, galimoto yakuda inaima pafupi ndi mpopi kudzatenga Anakwenda.

Anakwenda analowa m'bwalo lachifumu atavala yunifolomu ya amayi a mpingo, pakamwa akunong'oneza pemphero. Mfumu inali pampando, maso ofiira chifukwa chosagona, itanyamula Dona Shuga ngati khanda.

"Mayi," anayamba a Chitekwe mokoma, "boma lamva kuti ndinu woimba wamkulu. Lakukonzerani mendulo ndi chitenje cha nkhope ya Mfumu. Inu mungonena pamakinawa kuti dandaulo lanu mwalichotsa."

"Zikomo, Olemekezeka. Kodi chitenjecho n'chachitali moti n'kufika tsidya la Ndimeza?"

Mfumu inawayang'ana mwachisoni. "Mayi, mukudziwa kuti mwandidwalitsira mwana?"

"Pepani, Mfumu yanga. Nanenso ndili ndi mwana."

"Wa mtundu wanji?"

"Wa munthu, Mfumu yanga. Dzina lake Feliya, ndipo ali..."

"Imani pomwepo!" anakuwa a Chitekwe. "Kudandaula kwa Mfumu pakamwa ndi pakamwa n'kuphwanya lamulo!"

Nduna zinayang'anizana. Mfumu inakanda galu wake kuseri kwa khutu, ikuganiza mozama kuposa masiku onse.

"Nanga kudandaula kwa Dona Shuga?"

Anafunsa Nduna ya Zamalamulo, ndipo inati pa nkhani ya agalu lamulo silinanene kanthu.

"Ndiye muuzeni iyeyu," inatero Mfumu. "Ndiye wazolowera."

Anakwenda anakumbukira kuti kale Mulungu anatsegulapo maso a bulu mneneri wokwerapo asakuona kanthu, ndipo anaona kuti si pabwino kunyoza chida chimene Ambuye asankha. Anagwada pamphasa yofiira.

"Dona Shuga, mwadzuka bwanji? Pepani pokuvutitsani m'makutu. Ine ndine Eneresi wa pamsika. Mwana wanga ali ku Kwaiwalika, ali ndi pakati, mwana wapingasa. Mvula ikagwa, Ndimeza saolokeka, ndipo mlatho palibe. Chaka chatha mayi wina wa kumeneko anamwalira m'ngolo, pagombe, akuona denga la chipatala. Sindikufuna kuti wanga akathere pagombe limenelo. Basi, nkhani yanga ndi imeneyo."

Galuyo anawanunkhiza dzanja, limene linkanunkhira nthochi, n'kulinyambita. Ena mwa a m'bwalomo anati chinali chifundo, ena anati inali njala. Amene analenga galu ndiye akudziwa.

Mfumu, imene inamva zonsezi mwangozi, inatembenukira kwa nduna yake. "A Chitekwe, mlatho wa pa Ndimeza sitinautsegulire?"

"Tinautsegulira kawiri, Mfumu yanga. Kumanga kokha ndi kumene kunatsala." Kenaka anatembenukira kwa mayi uja mwachangu. "Titumiza galimoto lero lomwe ikamutenge mwana wanuyo. Nkhani yatha."

Mtima wa Anakwenda unadumpha, pakuti ndi mayi uti amene sakanafuna? Koma ankamudziwa Feliya.

"Sangakwere, Olemekezeka. Ali ndi apongozi osaona ndi munda woti adzale. Ndipo akachira, adzabwerera kwawo chouluka ndi khanda?"

"Mayi," inatero Mfumu motopa, "mlatho ukamangidwa, muchotsa nyimbo yanuyo?"

"Mwana wanga akaoloka pamlathopo kupita kuchipatala, ndidzaichotsa ndi pakamwa pangapa."

"Ndipo Dona Shuga adzadya?"

"Ndikukhulupirira choncho, Mfumu yanga."

Anthu a ku Tamvakale sanaonepo boma lawo likuthamanga ngati m'masabata otsatirawo. M'mawa uliwonse makina ankayatsidwa chifukwa cha lumbiro, m'mawa uliwonse Dona Shuga ankalira, ndipo m'mawa uliwonse Mfumu inkatuluka ikukalipa. Simenti imene inasowa zaka zambiri inapezeka, ina mwa iyo ili kale m'mipanda ya nduna. Asilikali ananyamula miyala. A Chitekwe anayesa njira zachidule: anawatenga Anakwenda kukaona chikwangwani, kenaka mwala wa maziko, kenaka chithunzi chokongola cha mlathowo utatha.

"N'chokongoladi," ankatero mayi aja. "Kwerani pachithunzipo ndione."

Pamsika napo zinthu zinasintha. Anthu anayamba kupereka moni kwa agalu oyendayenda. "Mwaswera bwanji, Olemekezeka?" ankatero wometa kwa galu wankhanambo wa kuseri kwa butchala. "Mukakumana ndi a kwanu aja, muwakumbutseko za magetsi." Ndipo aliyense wokhala ndi dandaulo anayamba kubwera kwa Anakwenda kuti amuikire m'nyimbo. Madzulo pansi pa mango, kwaya inkaphunzira nyimbo ya mankhwala, nyimbo ya feteleza, ndi ya ng'ombe zobedwa, imene inali ndi besi yabwino kwambiri.

Mlatho unatha mvula yoyamba itagwa kale. Anautcha Mlatho wa Dona Shuga, ndipo panalibe wotsutsa, poti aka kanali koyamba ku Tamvakale chinthu kutchedwa dzina la amene anachigwirira ntchito. Koma galuyo ankalirabe, popeza Feliya anali asanaoloke. Choncho boma lonse linayamba kudikira mimba ya mtsikana wa ku Kwaiwalika. Ambulansi inakaima pakhomo pake, dalaivala n'kumathandiza kupalira. Nduna zinkatumiza mithenga kukafunsa ngati msana wayamba. Abusa a kunyumba yachifumu ankamutchula dzina m'mapemphero.

Tsiku lina masana, mvula ikugwa ngati kumwamba kwang'ambika, matenda anayamba. Anakwenda anali naye m'ambulansimo, atamugwira dzanja. Atafika pakati pa mlatho anasuzumira pawindo. Ndimeza anali wofiira, wolusa, atanyamula mitengo yathunthu ndi denga la khola la munthu wina.

"Amayi, mukulira?" anafunsa Feliya akuluma mano.

"Ndikuimba, mwanawe. Iwe pumira bwino."

Madokotala anachita opaleshoni dzuwa lisanalowe. Anabadwa mwana wamkazi wamawu amphamvu, ndipo agogo ake atangomumva anati ameneyu adzaimba alito m'kwaya.

M'mawa mwake Anakwenda anapita ku kanyumba ka khutu. Panja panali mzere wautali, kwaya yonse itavala yunifolomu, aliyense ali ndi mwini dandaulo pambali pake. Iwo analowa, naima pa maikolofoni.

"Ine Eneresi ndachotsa dandaulo langa. Mwana wanga waoloka. Ambuye alemekezeke. Dona Shuga, idyani."

Lufeyo anazimitsa makina, koma nkhope yake sinali ya chikondwerero. Pakona panali makatoni atsopano.

"Amayi, a Chitekwe amva za nyimbo mukuphunzira pansi pa mango zija. Dzulo lomwe kwatuluka lamulo lina. Makina awa ndi amphamvu kuposa aja. Kuyambira lero ndizikweza madandaulo kupitirira denga la khutu la galu."

Anakwenda anayang'ana makatoniwo, kenaka anasuzumira pakhomo. Anaona bambo a ng'ombe aja atavala jekete, akuyeserera besi yawo chapansipansi.

"Kumtunda kumeneko kulibe amene amamva, a Lufeyo?"

"Dokotala wa ziweto akuti mileme yokha."

"Nanga kunyumba yachifumu kuli mileme?"

Lufeyo anayamba wayang'ana kuchitseko, kenaka anatsitsa mawu. "M'denga la chipinda chogona Mfumu ndi yodzaza. Ili phee chikhalire, palibe chimene chinaidzutsapo."

Anakwenda anamanga bwino duku lawo, natsegula chitseko chonse.

"Alongo, lowani awiriawiri. Tiyamba ndi ya mankhwala. Anamaseko, liwu lomaliza lija mulikoke mpaka nditsitse dzanja."